Dorika ndi Chigafa cha Amisiri

Dorika Namwale anabadwira m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Mphangwe, m'dera limene lero timati Katete, Azungu asanabwere kudzamanga boma lawo ku Chipata. Anali mwana wachitatu, wamfupi, wa mapazi aakulu ndi mawu okweza. Anali ndi khalidwe limodzi limene amayi ake analephera kumuletsa: akaona khoma lomatidwa kumene, sankatha kulipitirira.

Akazi onse a m'mudzimo ankakongoletsa nyumba zawo akatha kukolola. M'munsi ankapaka makande akuda, pamwamba katondo wofiira, kenako timizere ndi timadontho ta phulusa, basi ntchito yatha. Dorika sankathera pamenepo. Ankatafuna kamtengo mpaka kakhale ngati mswachi, n'kuyamba kujambula nkhanga, mbuzi, mayi akusinja. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anajambula mwamuna atagona chagada pansi pa mtengo, khasu lili poteropo. Aliyense wodutsa ankaima n'kuseka, chifukwa mimba ija ankaidziwa. Nkhani inawapeza amalume ake a Dorika, ndipo anabwera okha kudzaona.

"Iwe Dorika, ameneyu ndani?"

"Ndi munthu chabe, amalume."

"Munthu chabe angakhale ndi mimba yangayi?"

Analamula kuti afufute. Koma mtsikanayo atabwera ndi madzi ndi chiguduli, amalumewo anasintha maganizo. Anati mimbayo aisiye, yakhala bwino, koma munthuyo amudzutse, amugwiritse khasu, anthu aziona kuti amalima. Dorika anamudzutsa.

Mu 1911 anakwatiwa ndi Nikodemo Sakala, mphunzitsi wa sukulu za m'midzi za mishoni ya Adatchi. Nikodemo anali munthu wofatsa, woyenda pang'onopang'ono, wokonda kuti chilichonse chikhale pamalo pake. Chuma chake chinali masileti asanu ndi atatu, Buku limodzi, ndi khasu lakutha limene ankaliimba ngati belu. Poyamba ankadandaula kuti mkazi wake amabwera kutchalitchi zikhadabo zili katondo yekhayekha. Anasiya kudandaula Dorika atamujambulira zithunzi pakhoma la sukulu, mbuzi pafupi ndi M, nyani pafupi ndi N, ndipo ana amene analephera zilembozo miyezi itatu anazigwira m'sabata imodzi. Ana ena ankabwera kudzaona nyaniyo basi, koma akalowa Nikodemo sankawatulutsa.

Mu 1915 anawatumiza kumudzi wina cha ku Sinda. Kumeneko Dorika anavutika mtima. Nyumba ya mphunzitsi inali ndi khonde lalifupi, ndipo mvula yoyamba inatsuka zonse zimene anajambula. Anajambulanso, mvula inatsukanso. Tsiku lina akuchokera ku nkhuni anamva kugogoda kuseri kwa msitu, ndipo anatsatira phokosolo.

Anapeza chigafa cha fodya, chachitali ngati nyumba zinayi, chofoleredwa bwino ndi udzu. Mwini wake, Mzungu amene ankayesa kulima fodya pamenepo, anapita kunkhondo ndipo sanabwerenso. Mbali zitatu zinali zapululu, koma kumbuyo kunali khoma la njerwa zosawotcha, lalitali, lopanda kanthu, mvula yosalifika. Chapakati panakhala bambo wina akusema mtondo. Ameneyu anali Ezara Mbewe, mmisiri wa mitondo, mipando ndi ng'oma. Ankatsimphina mwendo wamanzere kuyambira ali mwana, n'chifukwa chake asilikali otola amuna a tengatenga anamusiya.

Dorika anatula mtolo wake, nagwada chapatali. "Zikomo abambo. Khomali ndi la yani?"

"Ndi la chiswe," anatero Ezara osadzutsa mutu. "Mukulifuna?"

"Ndikufuna ndizijambulapo."

"Mujambulepo chiyani?"

"Chimene chabwera."

Ezara anaika nsompho pansi, nayang'ana khomalo ngati akuliona koyamba. Anati iye ntchito yake ndi ya pansi, khoma alibe nalo ntchito, bola asamamulankhulitse akamasema mkati mwa ng'oma. Dorika anavomera. Lonjezo limenelo analisunga masiku awiri.

Mwezi usanathe kunabwera wachitatu, mayi wachikulire woumba mbiya, aNangondo. Iwo anati mvula ikuwaonongera mbiya zisanaume, ndipo sanapemphe n'komwe. Anangofika ndi dongo lawo pamutu, nasankha ngodya imene dzuwa lam'mawa linkafika bwino, yomwe inali ya Ezara.

Kukhalira limodzi sikunali kwapafupi. Tizibenthu ta mitengo ta Ezara tinkaulukira m'dongo la aNangondo, ndipo iwo ankatitola kamodzikamodzi n'kumakamuikira pamwendo. Ankanenetsa kuti mwamuna akadumpha dongo lawo mbiya zimasweka pamoto. Ezara naye ankati mkazi akakhalira chipika chake ng'oma imatuluka yosasa mawu. Dorika ankafuna kuwala, ndipo awiriwo, malinga ndi iye, ankangoima pomutchinga. Mkangano utakula anaitana Nikodemo kuti aweruze, poti anali wophunzira. Nikodemo anayeza chigafa chonse ndi mapazi, nachigawa patatu ndi luzi lomangirira pa zikhomo. Zinayenda bwino tsiku limodzi. Kuyambira mawa lake, amene wafika woyamba ankasuntha chikhomo pang'ono. Pakutha pa sabata gawo la aNangondo, amene ankalawira kuposa onse, linali litadya theka la chigafa. Nikodemo anabwera, naona, nazula zikhomo zake, napita kukaimba belu.

Luzi litachoka ndi pamene anayamba kumvana. Ezara anawasemera aNangondo kachipeso ka mano asanu kolembera mizere pakhosi pa mtsuko. ANangondo anamulondolera Dorika kudambo lina kumene kunali dothi loyera kuposa phulusa, malo amene anawabisa zaka makumi awiri. Dorika anayamba kujambula abuluzi ndi nsomba ndi khala pamipando ya Ezara, iye n'kumatsatira ndi chitsulo chamoto. Mipando ya abuluziyo inatchuka mpaka anthu ankachokera midzi yakutali kudzaifuna, ndipo Ezara ankauza aliyense kuti nzeruyo anailota.

Khoma lija Dorika ankalidzaza, likadzaza n'kulimatanso, n'kuyambanso. Anthu opita kumunda ankadzera komweko kuti aone ngati alipo. Ena ankakwiya akadzipeza, koma okwiya kwambiri anali amene sanadzipeze.

Chilimwe cha 1917 kunafika mlendo, mwamuna woonda wotchedwa Zuze, wochokera kudziko la Apwitikizi kudzera cha ku Vubwi. Ankathawa ntchito yokakamiza ya kwawoko. Katundu wake anali mtolo wa timitengo tosalala ndi thumba la thonje. Anapempha kugona m'chigafamo masiku awiri. Tsiku lachiwiri anakhoma timitengo take pansi, nayala ulusi, nayamba kuwomba nsalu, ndipo amisiri atatu aja anasiya ntchito zawo n'kumuzungulira.

Chimene chinamugwira mtima Dorika sichinali nsaluyo koma ulusi wina wa mtundu wa thambo. Iye anali ndi wakuda, wofiira, woyera ndi wachikasu pang'ono. Wa thambo anali asanaugwirepo.

"Achimwene, mtundu uwu mumaukumba kuti?"

"Saukumba, mlongo. Ndi masamba," anatero Zuze. "Koma muli ndi mphuno yolimba?"

Anapita naye kutchire, namusonyeza kachitsamba ka masamba ang'onoang'ono kamene Dorika ankakapondaponda tsiku ndi tsiku. Ananyika masambawo mu nkhali ya aNangondo pamodzi ndi madzi a phulusa, navundikira. Tsiku lachinayi atavundukula, fungo lake linatulutsa aliyense. Ezara, wotsimphina uja, ndi amene anafika kutali kuposa onse. ANangondo anati nkhaliyo asawabwezere. Koma Dorika anatseka mphuno ndi nsalu, naviika chiguduli, nachiona chikusanduka mtundu pamaso pake mphepo itachiomba. Pakhoma utotowo sunkagwira bwino, unkazilala msanga, komabe chaka chimenecho aliyense wa pakhomapo anavala malaya a mtundu wa thambo, ndi mbuzi zomwe.

Zuze anakhala mpaka mvula yoyamba. Ankadya kwa Dorika lero, kwa Ezara mawa, kwa aNangondo mkucha. Pochoka anasiya nsalu imodzi atapachika pa mtanda wa denga. Kuchokera pamenepo unangokhala mwambo. Mmisiri wapaulendo akafika nthawi ya chilimwe ankapatsidwa ngodya yake ndi chakudya, iye n'kuwasonyeza za kwawo, ndipo pochoka ankasiyapo chinthu chimodzi. Kunabwera woluka malichero, kunabwera wosula amene anatsala pang'ono kuyatsa denga, kunabweranso wina amene anati amasema zifanizo za anthu koma miyezi iwiri yonse anangonola mpeni. Ameneyo pochoka anasiya mwala wonolera, ndipo Ezara anati pa mphatso zonse yaphindu inali imeneyo.

Chimfine choopsa chija cha kumapeto kwa nkhondo chinawatenga aNangondo. Anadwala masiku anayi okha. Mbiya zisanu ndi imodzi zinatsala pangodya yawo zisanawotchedwe, ndipo kwa mwezi wathunthu panalibe amene anazikhudza. Kenako Dorika ndi akazi anzake anaziwotcha, Ezara atatema nkhuni n'kuima patali monga mwa lamulo la malemuwo. Imodzi yokha ndi imene inasweka.

Mu 1922 abusa a ku mishoni anabwera kudzayendera sukulu ya Nikodemo, ali ndi Dona wina amene ankayang'anira sukulu ya atsikana. Abusa ali kalikiliki kufunsa ana mafunso, Donayo anamva kugogoda, natsatira ngati mmene Dorika anachitira kale. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa khomalo. Atabwerera kusukulu anamuuza Nikodemo kuti akufuna mkazi wake apite ku mishoni miyezi itatu, akajambule nkhani za m'Buku zoti atsikana aziphunzirirapo. Malo ogona, chakudya ndi zipangizo zonse akazipeza komweko.

Nikodemo anafika kunyumba nkhope ili gwa. "ANamwale, akukufunani ku mishoni."

"Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Akuti mukajambule."

"Nanga inu muzidya chiyani?"

"Funso limenelo nanenso ndalifunsa," anatero Nikodemo. "Abusa anangoseka."

Anagwirizana kuti mng'ono wa Dorika abwere kudzasamala ana akuluakulu awiri. Dorika anabereka khanda lake Evelyn, nasenza mtanga wa dothi lake la mitundu inayi, ngakhale anamuuza kuti asavutike, nayenda masiku awiri.

Ku mishoni anamupatsa chipinda chakechake, cha chitseko ndi zenera la galasi. Munali tebulo, mpando, mapepala oyera okhuthala, maburashi a ubweya wofewa, ndi kabokosi ka utoto wa mitundu khumi ndi iwiri. Dona anamusonyeza kanyowetsedwe kake, natseka chitseko kuti pasakhale womusokoneza. Dorika anakhala pampando, nayang'ana pepala. Linali laling'ono kuposa lichero. Anajambula mutu wa nkhosa, thupi linasowa pokhala. Anatembenuza pepala, najambula thupi, mutu unasowa pokhala. M'chipindamo munali zii, moti ankamva kupuma kwa mwana kumsana. Sabata inatha ali ndi nkhosa zitatu zoduka.

Loweruka Dona anabwera kudzaona. "Kodi utoto si wabwino, Dorika?"

"Utoto ndi wabwino, Dona. Koma muno mulibe anthu."

"Ndinkayesa kuti wojambula amafuna bata."

"Kaya a kwanu. Ine ndikakhala ndekha ndimangoganiza za nkhuku zanga."

Lolemba ananyamula tebulo lija pamutu, nakaliika pakhonde la nyumba ya akalipentala, pakati pa macheka ndi nyundo. Akalipentalawo anadabwa, koma pofika masana anali akukangana naye za kutalika kwa miyendo ya bulu. Tsiku lomwelo anamaliza zithunzi ziwiri. M'masabata otsatira anajambula mbusa ndi nkhosa yotayika, mkazi wa pachitsime atasenza mtsuko wa mizere isanu pakhosi, ndi mwana wolowerera akudyetsa nkhumba zakuda zazitali mphuno, zenizeni za m'mudzi. Mapepala aja anawazolowera, koma sanawakonde. Mwezi wachiwiri anapempha khoma, ndipo anamupatsa la mkati mwa sukulu ya atsikana.

Anasankha chingalawa cha Nowa. Anasakaniza dothi lake ndi utoto wa m'kabokosi, nakwera pabenchi, atsikana akumupatsira zigoba za utoto n'kumamunyamulira mwana. Nyama zinafola kuchokera kuchitseko mpaka kuzenera: njovu, njati, njiri michira ili m'mwamba, nungu, afisi awiri akuyang'ana mbuzi za patsogolo pawo. Dona ankabwera masana aliwonse, manja kumbuyo.

"Ngamira ili kuti?"

"Sindinaionepo."

Dona anabweretsa buku la zithunzi. Dorika analiyang'anitsitsa, najambula. Chimene chinatuluka chinali ngati ng'ombe yodwala imene yameza mtondo, ndipo atsikana anaseka mpaka ena anakhala pansi. Dorika anati vuto si lake, nyamayo ndi imene inalengedwa choncho.

"Nanga nkhangazi bwanji zili zitatu? Buku likuti ziwiriziwiri."

"Yachitatuyo yangolowerera. Nkhanga simungaziletse, Dona."

Koma mlandu waukulu unali wa Nowa mwini. Anaima pakhomo la chingalawa, nsompho paphewa, mwendo wamanzere utapindika pang'ono.

"Dorika, Nowa sankatsimphina."

"Buku likutero?"

Dona anaganiza kaye. "Silinenapo."

"Ndiye munthu wosema chingalawa chonsechi, zaka zonsezo, chipika sichinamugwereko?"

Dona anapita kukaitana abusa. Abusa anabwera, nayang'ana Nowa, nayang'ana afisi, nafunsa ngati mbuzizo zinafika zamoyo. Kenako anati chithunzicho chikhale mmene chilili.

Miyezi itatu itatha anamupempha kuti akhalebe, aziphunzitsa atsikana, ndipo anati Nikodemo angathe kumusamutsira komweko. Dorika anathokoza, nakana. Anati mvula yayandikira, munda ukumudikira, ndipo kwawo kuli khoma limene lakhala miyezi itatu ndi nkhope zomwezomwezo, anthu atopa nazo. Chimene anachita n'chakuti anatenga atsikana awiri amene ankaonetsa dzanja labwino, nagwirizana ndi Dona kuti chilimwe chotsatira adzakhale kuchigafa ngati alendo. Anabweradi, ndipo mmodzi wa iwo anadzakhala woumba mbiya pangodya ya aNangondo.

Atafika kumudzi anapeza Nikodemo ataonda pang'ono, koma atadziwa kukazinga nsawawa. Kabokosi ka utoto kaja, kamene Dona anamupatsa, anakaika pa mtanda wa chigafa kuti aliyense agwiritse ntchito. Nkhani ya Nowa sanainene. Inabwera yokha ndi mlaliki wina wapaulendo, amene atamuona Ezara anadabwa n'kumufunsa kuti, "Abambo, kodi si inu a m'chingalawa?"

M'mawa mwake Ezara anatenga ndodo yake ndi kamba wa chimanga chokazinga, nauyamba ulendo wa ku mishoni. Ndi mwendo wakewo anayenda masiku atatu. Atsikana a pasukulupo atamuona akulowa anakuwa, ena n'kubisala kuseri kwa mabenchi. Iye anaima patsogolo pa khomalo mpaka belu la chakudya linalira. Atabwerera kwawo anakhala pachipika chake, natenga nsompho.

"Mwaona, a Mbewe?" anafunsa Dorika.

"Ndaona. Mphuno mwakulitsa."

"Kupatula mphuno?"

"Chingalawacho matabwa ake mwalumikiza molakwika. Chikanamira tsiku loyamba. Mukanandifunsa."

Komabe kuyambira tsiku limenelo ana akamuitana kuti a Nowa ankayankha, ndipo alendo a chilimwe ankawauza kuti akamabwerera adzere ku mishoni akamuone.

Mu 1928 Nikodemo anamusamutsira kusukulu ina cha ku Vubwi, kufupi ndi malire. Dorika anali ndi ana asanu tsopano, ndipo imvi zinali zitayamba. Analira pochoka, Ezara naye anati utsi wamulowa m'maso ngakhale panalibe moto. Kumudzi watsopanowo kunalibe chigafa, kunalibe Mzungu amene anasiya kanthu. Kunali bambo wina woluka mphasa amene ankagwirira ntchito pansi pa nkhokwe yake, ndi mayi wina wotunga mikanda amene maso ankamuwawa chifukwa cha mdima wa m'nyumba. Dorika anawayendera onse awiri kangapo, atanyamula mbatata zootcha. Chilimwe chisanathe mitengo inali itadulidwa, udzu utamwetedwa, ndipo iye mwini anali akuponda dothi la khoma la chigafa chatsopano, ana a sukulu akutunga madzi.

Chaka chotsatira mphekesera zinamveka kuti aphunzitsi asamutsidwanso. Nikodemo anakhala pansi, nalemba kalata ku mishoni ndi zilembo zake zoongoka bwino. Anati iye ndi wantchito womvera ndipo kulikonse angapite, koma akupempha kuti chaka chino amusiye kaye, chifukwa mkazi wake wangomaliza kumene kumata khoma ndipo silinaume. Anamusiya. Pamudzipo anakhalapo zaka khumi ndi zinayi.